Galimoto Yanu Anaikweza, Abambo Sanatsike

Amayi, kumene muliko kukuyenda bwanji? Ndikhulupirira kuti mukupuma, chifukwa ife kuno mwatisiyira ntchito. Musayembekezere kalata yotsekemera. Ndakhala pansi ndili ndi mkwiyo, ndipo gawo lina la mkwiyowo ndi lanu.

Ndiyambe ndi zabwino, mungati Sisiliya sanaleredwe. Mpunga wa ku Bwanje tinakolola, ngakhale mbalame zinadya mbali ya kumunsi ija munkati ndi chakhumi cha mpheta. Mkazi wa Dominiko anabereka bwinobwino mwana wamkazi, ndipo amutcha Anastaziya, dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu, komanso akayamba kulira samva za munthu, ndiye tikuti dzinalo lamuyenera. Ine ndikuphunzitsabe pasukulu pomwe paja. Abambo akudya, mankhwala akumwa, koma mwendo wamanzere uja akuukokabe.

Nkhani imene ndakulemberani ndi ya abambo omwewo. Mukudziwa kuti manda anu sanawaonepo. Tsiku limene munatisiya iwo anagwa pakhonde, ndipo tinakuikani m'manda kumudzi kwanu iwo ali chigonere kuchipatala. Chitulukireni, pempho lawo lakhala limodzi. M'mawa, masana, kwa ine, kwa mlendo aliyense: "Mudzanditengere kwa amayi anu, ndikaone pamene munawagoneka." Tinagwirizana kuti adzapita tsiku lodalitsa chiliza chanu, m'mwezi wa Novembala, pamene Akatolika timakumbukira malemu athu. Anadikira miyezi yonseyi ngati mwana wodikira Khirisimasi.

Tsono galimoto yanu ija, ya mawilo anayi okoka, imene munkanyamulira mpunga ndi odwala a m'mudzi. Mukukumbukira mmene abambo ankalowera? Ankatsegula chitseko, n'kutembenuka, n'kukhala chammbuyo pampando, kenaka n'kukokera mwendo wodwalawo m'kati ndi manja awo, chipewa n'kuika pamaondo. Palibe ankawagwira. Inu munkati, "Galimoto iyi ndi miyendo ya abambo ako, uziisamala." Munkanena kwa ine mawu amenewa, osati kwa wina. Koma mutadwala, munandiitana n'kunena kuti, "Makiyi umupatse mlongo wako, galimoto imafuna mwamuna." Inu amene munaiyendetsa nokha zaka zonse zija, amuna a pa Golomoti akukusuzumirani! Mpaka lero sindimvetsa. Dominiko munamulera ngati dzira, ndipo lero dziralo latiswekera m'manja.

Maliro atangotha, mwana wanuyo anayamba kukhalira pafoni kuonera azungu akukwera miyala ndi magalimoto. Posakhalitsa anaitengera galimoto kwa makaniko wina wa pa Mtakataka, amene galaja yake ndi mtengo wa mango. Ndinapitako ndekha kukaona, chifukwa anthu anali atayamba kundifunsa ngati taigulitsa. Ndinaipeza ili pamiyala, yopanda matayala, matumbo ali pansi. Masipuling'i anu anachotsa, n'kuikamo ena aatali. Mashoko, oletsa galimoto kudumphadumpha aja, anasinthanso. Matayala anabweretsa a mano ngati a thirakitala. Chopondera chija cha pakhomo, chimene inu munachita kuwotchereretsa mwadala chifukwa cha abambo, anachidula, ati chizikola zitsa ndi matope.

Sizinathere pomwepo. Makanikoyo anandionetsa chimphika chachitsulo chimene chili pakati pa matayala akumbuyo, chimene amati difu. Anati ntchito yake ndi kulola kuti pokhota tayala lina lizizungulira pang'onopang'ono, lina mofulumira. Dominiko anamuuza kuti awotcherere m'kati mwake kuti matayala onse awiri azikankha limodzi m'matope. Makanikoyo akuti anamuchenjeza, koma mwana wanu mumamudziwa. Lero galimoto yanu ikamakhota pamsewu wa tala imalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo, n'kumadumpha. Itakwera chonchi inayambanso kunjenjemera, mpaka anaibweza kuti akatalikitse shafuti, chitsulo chachitali chija chozunguza matayala akumbuyo. Tsiku lina ndinakwera ndi mazira a kusukulu, ndinafika nawo ali phala.

Atabwera nayo kunyumba, ana a m'mudzi anaithamangira akukuwa. Dominiko anatsika chodumpha, mano onse ali pamtunda. Abambo anaiyang'ana ali pakhonde. Lamulungu lotsatira anavala jekete kuti apite ku Misa ku Mua monga mwa nthawi zonse. Atatsegula chitseko, mpando unali pachifuwa pawo. Dominiko anathamanga kukatenga kireti ya mabotolo kuti apondepo. Munthu wa mwendo umodzi wolimba, Amayi, aime pakireti! Anaterereka, nsongolo n'kusupuka, magazi n'kudontha pasokosi. Dominiko anawagwira m'chiuno kuti awaponye m'kati, ndipo abambo anakuwa mawu amene sindinawamvepo chibadwire: "Ndisiye iwe! Ine si thumba la mpunga!" Kuyambira tsiku limenelo ku tchalitchi sanapitenso. Mankhwala awo ndimakawatengera ine.

Ndinamuuza Dominiko kuti aibweze galimoto mmene inalili. Anandiseka. "Achemwali, inu za galimoto mumadziwapo chiyani? Msewu wa kwa amayi mvula ikagwa galimoto yotsika singadutse. Zonsezi ndikuchitira abambo omwewo." Bodza, Amayi. Ankafuna azikanyamula nsomba kumadoko m'dzinja anzake atalephera, komanso kuti atsikana a pa Mtakataka azimutembenukira. Nditafunsa za masipuling'i akale, anati anasiyira makaniko, ndipo makanikoyo anali ataika kale pa galimoto ya munthu wina.

Amene anapeza nzeru ndi bambo a Chikondi, mkamwini wanu uja munkati ndi wofatsa mopitirira. Kuchigayo cha mpunga kumene amagwira ntchito, malole amawabwezera m'dzenje lotsetsereka kuti matumba azilowa mosavuta. Iwo anatenga khasu n'kukumba dzenje lotero pabwalo pathu. Galimoto ikalowamo, mpando umafika m'chiuno mwa abambo. Ndinafunsa pamaso pa onse kuti, nanga kumanda akatsika bwanji? Dominiko anati, "Aaa, inunso. Pafupi ndi manda pali chulu chija. Ndikaimika m'mbali mwake, atsikira pachulupo. Tikaonera komweko."

Mvula chaka chino inafulumira. Sabata ya mwambo wanu inagwa yamphamvu, ndipo msewu wa kumudzi kwanu, wa dothi lamakande uja, unasanduka phala. M'mawa wa tsikulo abambo anadzuka tonse tisanadzuke. Anameta ndevu, anavala suti ija ya paukwati wanga, nsapato atapukuta okha. Anathyola maluwa pampanda umene munadzala kuseri kwa khitchini, n'kuwamanga ndi luzi. Galimoto italowa m'dzenje, anatsegula chitseko, anatembenuka, anakhala, n'kukokera mwendo m'kati. Okha, popanda wowagwira. Anaika chipewa ndi maluwa pamaondo n'kundiyang'ana akumwetulira. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukapukuta misozi.

Chilungamo ndinene, ngakhale chikundiwawa: galimotoyo m'matope inayenda. Dominiko analowetsa giya yaing'ono ya m'matope ija, matayala onse anayi n'kumakumba, matope akuuluka mpaka padenga. Pamene ngolo zinatitimira, ife tinadutsa. Galimoto ya ansembe tinaipeza itamira mpaka m'mimba, ndipo Dominiko anaikoka ndi chingwe anthu akuomba m'manja. Ananditembenukira n'kunena kuti, "Mwaona, achemwali? Bwenzi tili kuti ndi yotsika ija?" Anafika kumudzi akuliza hutala ngati wanyamula mkwatibwi, kuiwala kuti tikupita kumanda.

Chulu chija panalibe, Amayi. Achibale anu anachigumula m'chilimwe n'kuumbira njerwa, ndipo zina mwa njerwazo ndi zimene zili pachiliza chanu. Dominiko akadapitako ngakhale kamodzi pamene ife tinkamanga, akadadziwa. Sanapiteko, anali kugalaja. Malo onse ozungulira manda ndi see, opanda ngakhale chitsa. Anaimika galimoto m'mphepete mwa mitengo ya kumanda, pamene njira imathera. Abambo anatsegula chitseko n'kuyang'ana pansi. Pansipo panali patali, ndiponso panali matope oterera.

Bambo a Chikondi anaphwetsako matayala, koma galimoto inangotsika pang'ono, osafika n'chikhatho chomwe. Apo Dominiko anaona khasu limene adzukulu, anyamata okumba manda aja, analambulira njira. Analitola n'kuyamba kukumba pambali pa tayala, kuti apange dzenje ngati la kunyumba. Anthu onse anatembenuka kumuyang'ana. Amayi ena anagwira pakamwa. Malume a Bonifasi, mlongo wanu, anabwera chothamanga ndi ukalamba wawo womwewo n'kumulanda khasulo.

"Iwe mwana, wapenga? Ukukumba dzenje kumanda popanda maliro? Ukukumbira ndani?"

"Ndikukumbira abambo," anatero Dominiko.

Anayankha choncho, Amayi, pamaso pa mudzi wonse, abambo ali pomwepo akumva. Iye ankanena za galimoto, tonse tinadziwa, koma ndani kwathu kuno amene angalole khasu kutsegula nthaka ya kumanda chifukwa cha munthu wamoyo? Azakhali anayamba kulira mokweza. Malume anakwirira okha pamene anakumbapo, n'kupondaponda ndi mapazi. Ngakhale ansembe, amene sakonda zoopa za makolo, anangoyang'ana pansi.

Amuna anayi anabwera mwaulemu, adzukulu omwe aja, n'kunena kuti, "Bambo, tikunyamuleni, si patali." Abambo anawayang'ana mmodzimmodzi. Anawazindikira kuti ndi omwe ananyamula bokosi lanu, chifukwa ndinawafotokozera zonse ali kuchipatala. Anayankha mofatsa, ngati mmene ankayankhulira m'kalasi akadali mphunzitsi:

"Zikomo, ana anga. Mudzandinyamula ndithu polowa m'mitengo umu, koma osati lero. Ndinamuuza mkazi wanga kuti ndidzabwera ndi miyendo yanga."

Anakoka chitseko n'kutseka. Ndinawachonderera pawindo, malume anawachonderera, koma anangoti, "Pitani, ansembe akudikira." Ndinati ndiwatengere maluwa ndikaike ine. Anawakumbatira pachifuwa n'kupukusa mutu.

Mwambo unachitika, Amayi, ndipo chiliza chanu ndi chokongola. Kwaya inaimba nyimbo ija munkaikonda pa Misa ya maliro. Ine sindinaimbe. Ndinkangocheukira kumbuyo, ndipo pakati pa mitengo ndinkaona denga la galimoto yanu lili pamwamba, ndi mutu wa abambo pawindo. Mukadaponya mwala kuchokera pamene mwagona, ukadagunda chitseko chawo. Anayenda ulendo wonse uja, anadikira miyezi yonse ija, n'kukathera pamenepo, atapachikidwa m'mwamba ngati chimanga cha mbewu.

Titabwerera kugalimoto, anandifunsa funso limodzi lokha: "Dzina lake analemba lonse?" Ndinati inde. "Ndi la kwawo lomwe?" Ndinati inde. Anagwedeza mutu, ndipo tinauyamba wobwerera kunyumba. Ulendo uno Dominiko sanalize hutala. Madzulo ake anabwera kudzandiuza kuti vuto ndi abambo, ati ndi ouma mutu, akadangolola kunyamulidwa. Ndinamuuza kuti atuluke m'nyumba mwanga, ndipo mpaka lero sitikuyankhulana. Mwana wake ndimakamuona iye akachoka. Musandiuze kuti ndine wamkulu, ndiyambe ine kupepesa. Mawu amenewo ndinawamva kokwanira muli moyo.

Galimoto ili kunyanja, ikunyamula nsomba, ndipo ndikumva kuti anzake akumuyamikira. Dzenje la pabwalo ladzaza madzi, achule akuswana. Maluwa aja abambo anawaika pawindo la kuchipinda kwanu. Auma, koma sakulola kuti ndiwataye. Chifikireni kuchokera kumanda aonda, ndipo suti ija sanalole kuti ndiibweze m'sutikesi. Ili pamsomali kuseri kwa chitseko.

Ndayankhula ndi bambo a Chikondi. Makande akangouma, tidzabwereka ngolo ya ng'ombe kwa a neba. Ngolo ukaimasula imagwada kumbuyo mpaka pansi, munthu n'kungokhalapo, ndipo potsika safuna chulu kapena dzenje. Nditawauza abambo, anati, "Ngolo ndikwera. Amayi ako ndinakawatenga pangolo." Ndikulonjeza kuti ndidzabwera nawo, adzalowa m'mitengo muja akuponda okha, ndodo kudzanja ili, ine kudzanja linalo, ngakhale zitatitengera tsiku lonse.

Koma dzinja langoyamba kumene, Amayi, ndipo usiku ndimawamva akutsokomola. Ndimakukondani, inu mukudziwa, ndipo palibe tsiku limene sindikusowani. Komabe mukadzawaona atulukira kumeneko matope asanaume, musadzandifunse ine. Mudzafunse amene munamupatsa makiyi.

Ndine mwana wanu woyamba,
Sisiliya