Nsalu ya M'sutikesi ya Bambo

Azakhali okondedwa,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kuvuta. Kuno tili bwino. Ndinatopa kudikira ntchito digiri ili m'chikwama, ndiye ndikupanga makandulo a m'timabotolo tagalasi, ndipo akuyenda malonda!

Sabata yatha zingwe za makandulo zinandithera. Kudikira sindimatha, mukundidziwa. Ndinang'amba nsalu yoyera imene ndinaipeza pansi m'sutikesi ya malemu bambo, n'kupota zingwe. Dzulo mayi wa pasitolo amene amandigulitsira anabweza makandulo otsala. Akuti ukawazimitsa amayakanso, ndipo m'chipinda mumamveka fungo la mafuta odzola. Nditawanunkhiza, ndi mafuta aja amene bambo ankadzola. Ndinaseka, koma pano akuyaka patebulo, ine machesi osawakhudza.

Azakhali, inu munalipo tsiku lija la maliro a bambo. Nsalu imeneyi inagwira ntchito yanji? Yankhani msanga, makandulo ena ali kale m'nyumba za anthu.

Ndine mwana wa achimwene anu.