Dzanja Lamanzere la Amayi

14 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo miyendo ija yasiya kutupa. Achimwene andiuza kuti tsiku la masewero omaliza a tenisi munakana kukaonera pa kanema, munati muli ndi madiresi a ukwati oti mumalize kusoka. Sindikudandaula, ndinazolowera. Chikho ndinatenga, chachitatu tsopano, ndipo n'cholemera kuposa mmene chimaonekera. Koma chimene ndalembera kalatayi si chikho ayi. Pa foni ndikanachita chibwibwi.

Mawa lake ndinapita kukathokoza anthu amene amatilukira zingwe za maraketi. Kachipinda kawo kali kuseri kwa bwalo lalikulu, kopanda windo, zingwe zodukaduka zili mbwee pansi. Ndinapezamo mayi wina wa imvi, magalasi ali pamphuno, akukoka chingwe pa makina. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe ndiwe mwana wa Kamvuluvulu."

Ndinaseka. "Mwandisokoneza ndi wina, mayi. Amayi anga ndi telala."

"Utelalawo ndi wa lero," anatero. "Ameneyo anandigonjetsa kanayi konse, ine ndikudzitcha katswiri wa tenisi. Ankamenya ndi lamanzere, ndipo asanaponye mpira m'mwamba ankaupukuta pa siketi kawiri. Dzulo nditakuona ukuchita zomwezo ndinangoti ha!"

Zopukuta mpirazo palibe anandiphunzitsa, ndipo akochi anayesetsa kundiletsa mpaka anatopa okha.

Mayiyo anatulutsa chithunzi chakale m'chikwama. Atsikana awiri aima pa neti, thukuta lili kamukamu. Wina ndi iwowo. Winayo ndi wowonda, akuseka mano onse pamtunda, pamwamba pa diso pali pulasitala. Chipsera chanu chija munatiuza kuti munagunda chitseko, koma iwo akuti inali raketi yawo, ndipo mpaka lero amachita nazo manyazi. Ine sindinakuonenipo mukuseka choncho.

Nditafunsa chimene munasiyira, anati, "Kafunse mwini wake. Ife tinangoona dzina lake pa mndandanda wa mpikisano waukulu, munthu osabwera." Kuseri kwa chithunzicho kuli mwezi ndi chaka. Ndinawerengera ndi zala. Ine ndinabadwa patapita miyezi isanu ndi iwiri.

Chichokereni tsikulo mutu wanga wadzaza mafunso. Anakuphunzitsani ndani? Malemu Ababa ankadziwa? Raketi yanu munataya, kapena ili pansi pa nsalu m'sutikesi ija simulola munthu kuikhudza? Ndakumbukanso chaka chimene ndinabwera ndi raketi yobwereka kusukulu. Munailanda n'kuiika pamwamba pa wadirobu sabata yathunthu, osandilankhula. Tsiku lobweza ndinapeza chogwirira chake mwachikulunga bwinobwino ndi nsalu, ndipo aphunzitsi a masewero anadabwa kuti wakulunga ameneyu wadziwa bwanji zoyambira mbali ya munthu wamanzere. Ine ndinayankha monyada kuti amayi anga amatha kusoka chilichonse. Munkaopa chiyani, Amayi, kuti ndilephera kapena kuti ndipambana?

Musaganize kuti ndikukuimbani mlandu. Ndili ndi chifukwa changa chofunsira, ndipo ndazungulira mokwana. Sabata yatha ndinapita kwa dokotala chifukwa cha tulo tosatha ndi mseru, ndikuganiza kuti ndi kutopa kwa mpikisano. Akuti ndine woyembekezera, miyezi iwiri ndi theka. Ndiye kuti chikho chija tinachitenga tili awiri.

Amuna anga akusangalala ngati mwana, akuti ndipume, ndathamanga mokwana. Akochi akuti akazi ambiri masiku ano amabwerera pabwalo pakatha chaka, ndisade nkhawa. Onsewa akulankhula zimene sanazione. Ine ndikufuna kumva kwa munthu amene anaikapo raketi pansi dzanja likadali lamphamvu. Kodi dzanjalo limaiwala? Mukamva phokoso la mpira mumtima mumachitika chiyani? Ndipo funso ili ndalifufuta kawiri, koma lilekeni likhale: munayamba mwandiyang'anapo ndili wakhanda n'kulakalaka ndikanachedwako chaka chimodzi? Mukati inde sindikwiya. Ndikungofuna kudziwa ngati munthu angamve choncho n'kumukondabe mwana mmene munandikondera ine.

Ndifika pa 2 mwezi wamawa. Nkhani ya mimbayi ikhale kaye pakati pa inu ndi ine, ndiye musayambe kusoka timalaya, Achimwene ali ndi maso akuthwa. Muwapatse moni pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso atsikana onse a kushopu kwanu.

Ndibwera ndi maraketi awiri. Ngati mafunso angawa akulemerani pakamwa, bwalo la kusukulu lija Loweruka m'mawa limakhala lopanda anthu. Dokotala wandilola kusewera pang'onopang'ono, choncho mundimvere chisoni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
pamodzi ndi mdzukulu wanu amene sanayambe n'kugunda komwe.