Chikwangwani Chimene Ndinaimika Pamphambano

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Nanga amayi, chiuno chija chayamba kuwalola kufika pakhonde? Ine m'thupi ndili bwino, kupatula matuza awiri kuphazi lamanzere. Chimene sichili bwino ndi chimene ndakulemberani kalatayi.

Lero Lamulungu ndakwanitsa masiku 19 ndikuyenda ulendo uja ndinalonjeza kwa Mulungu amayi atatuluka m'chipatala. Kwatsala makilomita 96 kuti tifike ku tchalitchi chachikulu. Munandiuza kuti makalata anga mumawawerengera amayi, ndipo iwo amauza aliyense wodzawazonda kuti mwana wawo amafika woyamba tsiku lililonse. Zinali zoona, koma chifukwa chake sindinakuuzeni. M'nyumba zogona apaulendo sasungitsa malo. Wofika msanga ndiye amasankha. Mabedi ake ndi osanjikiza, lina pansi lina pamwamba, ndipo ine lapamwamba ndimaliopa. N'chifukwa chake ndinkanyamuka anzanga akadali kumwa tiyi.

Dziko lake ndi lokongola. M'mawa nkhungu imadzaza m'zigwa ngati thonje, nsonga za mapiri zokha n'kumaoneka. Njira imadutsa m'minda, m'nkhalango za mapaini ndi pa timilatho tamiyala toyalidwa bwino kwambiri. Koma zambiri ndinkangoziona chodutsa, maso ali pa wotchi.

Anzanga enieni pa ulendowu ndi awiri. Oyamba ndi Adalaivala, amene ankayendetsa malole asanapume pantchito. Ndiwo anandipatsa dzina loti Levulo, kachipangizo kaja koonera ngati chinthu chawongoka, atamva kuti ndimayala matailosi komanso atandipeza ndikuwongola chithunzi chopendekeka pakhoma la eni ake. Achiwiri timawatchula Mayi a Chipewa. Ndi telala, zaka zawo zapitirira 60. Amavala chipewa chachikulu cha malemu amuna awo, amene ankafunitsitsa kuyenda ulendowu koma matenda anawatsekereza. Akufuna kukachisiya ku tchalitchiko atafika ndi mapazi awo. Ndiwo anandiboola matuza ndi singano yawo, uku akundinena kuti ndikulira ngati mbuzi.

Lachiwiri ndinafika pamphambano m'kati mwa nkhalango, ndili ndekha kutsogolo monga mwa masiku onse. Ndinapeza chikwangwani cholozera njira chitagwera muudzu. Mukundidziwa, achemwali, chinthu chogwa sindingachidumphe. Ndinachidzutsa, ndinakumba dzenje ndi ndodo yanga, ndinachiimika chilili n'kuchitsendera ndi miyala. Muvi wake ndinaulozetsa kumanja, poti njira ya kumanja inali yotakata ndi yopondeka. Kabuku ka mapu kanali m'thumba, koma sindinakatsegule. Safunsa adadya phula.

Nditatsetsereka ola lathunthu ndinakumana ndi bambo woweta nkhosa. Anandiuza kuti ndasochera, njira imeneyo imathera pamalo ochekera matabwa. Anandilozera kanjira kachidule kodutsa m'busa mwake kokatulukira ku njira yeniyeni.

Manyazi anga ali apa. Kulozetsa muvi kolakwika kunali kuphonya chabe. Koma ndinaima, ndinayang'ana chitunda chimene ndinatsika, ndinayang'ana wotchi. Ndinakumbukira kuti nyumba ya tsiku limenelo ili ndi mabedi khumi ndi awiri okha. Ndinadziuza kuti anzanga nawonso akumana ndi woweta nkhosayo. Sindinabwerere. Ndinadutsa m'busa muja.

Sanakumane naye.

Ine ndinafika masana, woyamba. Ndinasankha bedi lapansi pafupi ndi zenera, ndinachapa masokosi n'kuwayanika. Cha m'ma 2 koloko mvula inayamba. Anzanga asanu ndi anayi anafika itadutsa 5 koloko, atanyowa ngati nkhuku. Anatsika mpaka kochekera matabwa kuja n'kukweranso chitunda chonse, makilomita 11 owonjezera. Mayi a Chipewa analowa atakolekera dzanja paphewa la Adalaivala. Anaterereka pamatope, bondo linali litatupa ngati dzungu. Chipewa chija chinkangodontha madzi.

Ndinawapatsa bedi langa, ndipo anthu onse anandithokoza. Palibe chimene chinandiwawa kuposa kuthokozedwa kumeneko. Pa chakudya Adalaivala analumbira kuti akamupeza woimika chikwangwanicho amuimika pamphambano pomwepo, amutsendera miyala mpaka m'khosi, dzanja lokha litatuluka kuti lizilozera anthu njira. Onse anaseka. Inenso ndinaseka, achemwali. Ndinawonjezeranso kuti anthu ena alibe chisoni.

Kutacha tinapita ndi Mayi a Chipewa kuchipatala chaching'ono cha pamudzipo. Adokotala anati fupa silinathyoke, koma asamapitirire makilomita 8 patsiku ndipo asanyamule katundu. Ndinatenga chikwama chawo n'kumayenda nawo. Paliponse tikafika ankandiyamika mokweza kuti onse amve, akuti anthu a mtima woongoka ngati a Levulo anatha kalekale.

Lachisanu tinapuma pa kampanda kamiyala pafupi ndi mpopi. Mayi a Chipewa anatulutsa singano n'kumasoka lamba wa chikwama changa amene anayamba kuthothoka. Ndinawauza zonse, za woweta nkhosa, za wotchi, za bedi la pazenera. Sanasiye kusoka. Atamaliza analuma ulusi, n'kundiuza kuti anadziwa tsiku lomwelo. Akuti atakweranso pamphambano paja, Adalaivala akutembenuza chikwangwani, iwo anayang'ana pansi. Anaona miyala yaikulu ili pansi, yaing'ono pamwamba, m'mipata mwatsekedwa ndi timiyala, zonse zosalala ngati pansi pa bafa ya bwana. Akuti pa msewu wonsewu pali munthu mmodzi yekha amene angasocheretse anzake mwaudongo chonchi. Ankangodikira kuti aone ngati pakamwa panga ndi poongoka ngati manja anga.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Sanandikalipire. Anangoti Adalaivala ndikawauze ndekha, iwo si mtenga wanga. Ndinakawauza. Madzulo Adalaivala anabwera n'kundiuza kuti miyala yondikwirira ndi yolemera ndipo msana wawo ndi wokalamba, ndiye andisiya. Koma dzina la Levulo andilanda. Tsopano aliyense akunditchula Mphambano, ngakhale anthu amene sakudziwa nkhani yake.

Vuto ndi ili. Ndikanayenda ndekha ndikanafika m'masiku anayi, n'kubwera kumeneko sabata yathunthu kudzayala matailosi osaterera m'bafa mwa amayi monga ndinawalonjeza. Poyenda makilomita 8 patsiku tifika m'masiku 12, ndipo tchuthi changa chatsala masiku 13. Ndawerengera kanayi konse, sizikusintha. Mayi a Chipewa sanandipemphe. Anati ndizipita kwa amayi anga, iwo akwera basi, chipewa sichidziwa kusiyana kwa basi ndi mapazi. Koma ponena mawu amenewo anayang'ana kumbali. Adalaivala akutisiya mawa, akuthamangira mwana wawo woyembekezera amene ali pafupi kuchira. Wonyamula chikwama ndatsala ine ndekha, ndipo bondolo ndinalivulaza ndine.

Pempho langa ndi limodzi. Muwawerengere amayi kalatayi yonse, osadumpha mzere. Ndikukudziwani, mufuna kundibisira n'kunena kuti abwana andiitana kuntchito. Chonde musatero. Anamva za kufika kwanga koyamba, amvenso za mphambano. Akakwiya akwiye, ndi zoyenera. Ndibwera mwezi wa mawa pa masiku anga opuma, ngakhale awiri okha. Pakadali pano muwayalire chiguduli m'bafamo ndipo muziwagwira dzanja polowa. Makatoni a matailosi akhale choimirira pakona pomwe ndinawasiya, ana asakhalirepo.

Mukawauze amayi kuti mwana wawo masiku ano amafika womaliza. Bedi lapansi limene mwini nyumba amasungira odwala limapita kwa Mayi a Chipewa, ine ndimakwera pamwamba n'kugona nditagwira chitsulo. Dzulo tinaima nthawi yaitali pa mlatho wina kuti bondo lipume, ndipo ndinaona nsomba zitaima m'madzi moyang'ana kumene madzi akuchokera. Wotchi ndaiika pansi m'chikwama.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume aang'ono ndi kwa adzukulu anga onse. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, koma mutamaliza kuwerenga.

Ndine mlongo wanu,
Mphambano