Utawaleza mu Mtsuko wa Alamu

Lolemba, 3 Malichi

Kuchipatala tsiku lonse. Achemwali asokedwa dzanja lamanja, masitichi khumi ndi anayi. Mitsempha iwiri yaduka. Dokotala akuti chala chachikulu ndi chamkombaphala mwina zidzagwiranso, mwina ayi. Telala wopanda zala ziwirizo ndi telala wanji?

Wawacheka ndi mtsuko wa galasi, wa malita makumi awiri, wa vinyo wa alamu. Amangofuna kuusuntha kuti akolope pansi, n'kuwaswekera m'manja.

Mtsukowo ndinaumba ndine, ndi mpweya wanga. Inali iwiri. Mphatso ya alamu atapuma ntchito n'kuyamba zofulula vinyo wa zipatso pakhomo.

Alamu pabenchi ya m'khonde, malaya ali vinyo ndi magazi okhaokha. Mawu amodzimodzi: "Ndalakwa ndine. Ndinadzazitsa zipatso, kapaipi kotulutsa mpweya kanatseka." Amayi anawalalatira anthu akuona. Inenso ndinaponyapo langa. Ndinati, Profesa, mowa si masewera. Pakamwa pangapa.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndinapita kwa alamu kukathandiza kusesa magalasi. Fungo la vinyo nyumba yonse, nyerere mpaka m'mwamba mwa khoma.

Kapaipi kaja ndakapeza pansi pa tebulo, kathunthu, kopindika bwinobwino ngati khosi la tsekwe monga ndinakapangira. Ndinakauzira. Mpweya unadutsa fwee. Sikanatseke ayi.

Ndinakaika m'thumba. Chibenthu cha pansi pa mtsuko, m'thumbanso. Alamu anali kunja akutsuka chokolopera, sanaone.

Kuwekishopu ndinatseka chitseko. Magalasi akuda awiri opingasa, nyali kumbuyo, chibenthu pakati. Galasi lozizira bwino silionetsa kanthu. Ili, utawaleza wokhawokha. Wofiira, wobiriwira, wachikasu.

Ndilembe poyera, buku silindilalatira. Galasi likachoka pamoto liyenera kugona mu uvuni, lizizire pang'onopang'ono. Mtsuko waukulu chonchi umafuna tsiku lathunthu. Ukaufulumiza umaoneka bwino ndithu, koma m'kati umakhala wokokana, kungodikira tsiku lake losweka. Utawaleza uja ndiye chizindikiro chake. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikuwauza anthu zimenezi.

Loweruka lija la mu Januwale kunali mpira womaliza, ndipo TV yaikulu ili kwa alamu. Ndinafuna kufika nditanyamula mphatso, anthu aombe m'manja. Ndinazimitsa uvuni patangotha maola anayi. Mitsuko ndinaitulutsa ikadali yotentha, kuikulunga m'bulangete, ulendo.

Anaombadi m'manja. Timu yathu inagonja, zigoli ziwiri kwa duu.

Lachinayi, 6 Malichi

Achemwali atuluka m'chipatala. Sanapite kwawo, apita kwa amayi. Akuti m'nyumba yonunkha mowa sapondamonso.

Madiresi asanu ndi limodzi a ukwati wa mwezi uno abwezedwa kwa eni ake, ena osaikidwa n'komwe manja. Ndanyamula ndine m'majumbo, khomo ndi khomo. Paliponse funso lomwelo, inenso yankho lomwelo: ngozi ya mowa wa alamu. Pofika khomo lachinayi bodzalo limatuluka lokha, osagwira pakhosi.

Makina awo osokera ndawasamutsira kwa amayi. Makina omwewa ndi amene anandiphunzitsa ntchito. Bambo atamwalira achemwali ankasoka mayunifolomu mpaka maso kufiira kuti ine ndikaphunzire za galasi.

Ndinawasendera lalanje. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, m'banja muno wogwira ntchito yooneka ndinu nokha." Ndinati zikomo. Zikomo ndithu, galu ine.

Lamlungu, 9 Malichi

Sabata yonse ntchito yakana. Timapaipi titatu tasweka, choyezera mphamvu ya mowa chimodzi chapindika. Kasitomala wa mitsuko ya uchi ndamuuza kuti gasi watha. Bodza lina.

Mtsuko wachiwiri ukadali kwa alamu. Uvuni umodzi, tsiku limodzi, bulangete limodzi.

Ndinapita masana. Vinyo yense athira mu ngalande, mabuku awo a zofulula ali m'katoni pakhomo. Munthu amene ankatitopetsa ndi nkhani za yisiti mpaka tinamutcha Profesa, lero chete. Mtsuko autsuka mbee. Akuti akaupereka kwa amayi, azisungiramo madzi akumwa, mwina mtima wawo ungatsike.

Kwa amayi. Kumene adzukulu amathamangathamanga m'khitchini.

Ndinati pakamwa pake pakufunika kusalaza, ndiutenge kaye. Anati ndisavutike, abweretsa okha Lachisanu. "Mwatichitira zambiri kale, alamu."

Amalume aitanitsa banja lonse Loweruka masana. Nkhani yake: achemwali abwerere kapena ayi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi za ukwati.

Lachitatu, 12 Malichi

Mabandeji asinthidwa. Chala chachikulu chikugwedezeka pang'ono. Chamkombaphala zii.

Potuluka kwa amayi ndinapeza alamu pageti, jumbo ya mankhwala m'manja. Amayi anawakaniza kulowa. Anandipatsa ine kuti ndikapereke. Lamba amuboola bowo lina, thalauza likukwinyika m'chiuno.

Ndinalowa nayo jumboyo, ndipo amayi anauza achemwali kuti, "Waona mchimwene wako, wagulanso mankhwala." Sindinawatsutse.

Ndawerenga njira zonse. Mtsuko ukabwera Lachisanu ndiuswe, ndinene kuti wandipulumuka. Umboni watha. Alamu ndi munthu wofatsa, achemwali adzawakhululukira okha pakapita nthawi. Nanga ndikaulula zala zibwerera? Madzi akatayika saoleka.

Ndalemba bwino ndithu, ngati loya.

Lachisanu, 14 Malichi

Alamu anabwera kuwekishopu cha m'ma teni, mtsuko atakumbatira ngati mwana, m'bulangete langa lomwe lija. Analichapa n'kulisita.

Anauika patebulo. Kenako anavula chipewa. Akuti akhala akufuna kundipepesa pandekha. Anandiswera ntchito ya manja anga, anandipwetekera mlongo wanga, mawa pamsonkhano avomera zonse ndipo chimene banja ligamule alandira.

Nyundo inali pomwepo, pafupi ndi dzanja langa. Sindinaigwire. Ndinayatsa nyali, kuwapatsa magalasi akuda aja, kuwauza kuti ayang'ane pansi pa mtsuko.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anamwetulira, koyamba m'masabata awiri. "Koma kukongola kwake. Mumachita bwanji kuti mitundu ilowe m'kati?"

Ndinaganiza kuti galasi lindiyankhulira. Ayi, zinafunika pakamwa panga pomwe. Ndinanena zonse. Maola anayi, mpira, bulangete. Ndinatulutsa kapaipi kawo m'dirowa, kukauzira iwo akumva.

Anakhala pampando wanga wogwirira ntchito. Ndinkadikira chibakera, ndipo ndikanachilandira ndi manja awiri.

Anafunsa chimodzi chokha: ndinadziwa liti? Ndinati Lachiwiri la sabata yatha. Anawerenga masiku pa zala. Khumi.

Atadzuka anavala chipewa n'kunena kuti, "Musawauze achemwali anu. Dzanja lapita kale. Akamva izi atayanso mchimwene, ndipo ndinu amene amanyadira. Ine kundikwiyira anayamba kalekale, ndinazolowera."

Mtsuko anauika okha m'bokosi la magalasi osweka. Bulangete analipinda n'kundisiyira pampando.

Loweruka, 15 Malichi

Msonkhano ndi thuu koloko. Ndafika leveni. Ndili pabenchi ya kuseri kwa nyumba ya amayi, buku pabondo.

M'mawa ndauswa mtsuko uja. Sunafune n'komwe nyundo, ndangougogoda ndi kiyi, wonse mbwee.

Alamu andipatsa khomo lotulukira, lotsegula bwinobwino. Nditangokhala chete mpaka madzulo ndikhalabe mwana wabwino wa amayi. Alamuwo adzaima pamaso pa amalume, chipewa m'manja, kupepesa mlandu wanga, akudziwa, inenso ndikudziwa, tikuyang'anana. Kenako Khirisimasi iliyonse tebulo limodzi.

M'thumba muli kapaipi, chibenthu ndi magalasi akuda. Koma dzulo ndaphunzira. Ndiyamba ndi mawu.

Ndinene bwanji? Achemwali, dzanja lanulo. Achemwali, tsiku la mpira lija. Zonse zikumveka zopusa.

M'nyumba makina akulira. Amayenda pang'ono, n'kuima. Kuyendanso, n'kuima. Achemwali akuyesa kusoka ndi dzanja lamanzere. Ulusi wadukanso, ndamva akutukwana chapansipansi.

Andiona pawindo. Akumwetulira. Akuti ndilowe, ndidzawalowetsere ulusi mu singano, poti ine ndiye wa manja abwino