Musavomere Paipi ya Bambo

Hamamatsu, 9 Novembala

Okondedwa achemwali anga a Kazuyo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Genzo. Nanga msana uja ukuti bwanji ndi kuzizira kwa ku Akita? Ife tilipo, kungoti ana akutsokomola. Mpunga watsopano uja tinalandira, zikomo. Michiru akuti ndi wokoma, ndipo mukumudziwa mkazi wangayu, kuti ayamikire chinthu pamafunika ntchito.

Kuntchito zinthu sizili bwino. Maola owonjezera anatichotsera, malipiro akungothera m'njira.

Nayo nyumba yayamba kudontha polumikizira zipinda zam'mwamba. Mukukumbukira tsiku lija inabwera pa malole kuchokera kufakitale, zipinda zili zomangamanga ngati mabokosi, mawindo ndi bafa zili momwemo? M'mawa panali pambalambanda, pofika madzulo denga lili pamwamba, Bambo akuomba m'manja ngati mwana. Ine ndinkafuna yotchipa ija ya makoma a matabwa ongodzalumikiza pamalo, koma iwo anakakamira ya mabokosi achitsulo, ati chivomezi sichingaigwetse. Chipinda chawo anagonamo chaka chimodzi chokha n'kubwerera kumudzi, ati kutauni kulibe ocheza nawo. Pano tikusungiramo njinga za ana.

Za ngongole ya nyumbayi sindinakufotokozereni bwinobwino. Ndi ija ya kholo ndi mwana, woyamba kubweza ndi kholo, mwana n'kudzapitiriza. Inshulansi yake tinaiika m'dzina la Bambo. Akamwalira asanakwanitse zaka makumi asanu ndi atatu, ngongole yonse yotsala imafafanizidwa. Akangokwanitsa, inshulansi yathera pomwepo, ndipo ine ndidzabweza mpaka mano atatha m'kamwa. Ndinakafunsanso kubanki sabata yatha, mtsikana wa pamenepo anandiyankha zomwezo maso ali pansi. Bambo akukwanitsa mu Febuluwale.

Tsono munandiuza pafoni kuti chifereni ziwalo Bambo sakuthanso kumeza, ndipo adokotala akudikira kuti inu muvomereze awaboole pamimba, aike paipi yodyera. Munati ndi paipiyo atha kukhala zaka zingapo, koma popanda iyo chaka chatsopano mwina sachiona. Pempho langa ndi limodzi, achemwali: musavomere.

Ndikudziwa munditcha chilombo. Nditcheni, makutu ndili nawo. Inu mukukhala m'nyumba ya makolo yopanda ngongole, mukudya mpunga wa m'munda mwawo, chifundo chingakuvuteni bwanji? Ine ndikalephera kubweza banki itilanda, ndipo nyumba zotere zikakalamba wogula amangowerengera malo, nyumbayo amaiona ngati zinyalala zoti agwetse. Ana anga ndidzapita nawo kuti? Kwanuko? Kwa alamu anga amene amakwinya nkhope mlendo akangowonjezera mbale yachiwiri?

Musaganize kuti sizikundiwawa. Zikundiwawa kwambiri, chakudya sichikulowa. Koma tsiku losaina lija Bambo eni akewo anaseka n'kumuuza wa kubanki kuti asadandaule, nkhalamba ngati iwo idzafa nthawi ikadalipo, mnyamata wawo apume. Tonse tinaseka. Ine sindikupempha china, koma kuti asunge mawu awo.

Adokotala mungowauza kuti banja lagwirizana kuti tisawazunze ndi mipeni. Mabanja ambiri amanena choncho, palibe amene adzakufunseni kawiri. Michiru sakudziwa kuti ndakulemberani zimenezi, ndipo alamu anga musawaonetse.

Mundiperekere moni kwa alamu angawo, kwa azakhali a Sumie, ndi kwa mwana wanu Hayato, muuzeni alimbikire mayeso. Munati Bambo amangoyang'ana kuchitseko, akufunsa kuti ndibwera liti ndi adzukulu awo. Muwauze kuti kuntchito akundikaniza tchuthi. Zithunzi za ana zija zili pambali pa bedi lawo muzichotsepo. Ndikuwadziwa Bambo, akamawaona anawo alimba mtima, ayamba kufuna kuchira.

Tsalani bwino, muzifunda mokwanira.

Ine mlongo wanu,
Tsutomu