Mubwere ndi juzi yanu yonyansa ija

Okondedwa Amalume Declan,

Muli bwanji ndi kuzizira kwanuko? Ine bondo lija lapola, ndikudumpha ngati kale!

Mwamva? Yunivesite yathu ikutuluka mu ligi ino chaka chamawa, tikulowa ya akuluakulu, yoonetsedwa pa TV! Atalengeza, timu yonse ya basiketibolo tinakuwa mpaka kochi anatithamangitsira panja. Bambo Mulcahy, wansembe wachiJezuiti amene amakhala kumapeto kwa benchi yathu kolona ili m'manja, anangoti, "Ana inu, kumeneko kolona imodzi sikwanira."

Koma ndiye kuti sitidzakumananso ndi koleji yanu yakale ija. Masewero a mu Febuluwale ndi omaliza. Nanga tikawina ndizinyogodola ndani?

Amayi anandiuzako zanu za kuchipatala zija, kenako anasintha nkhani. Sindikufunsani zambiri. Kungoti Bambo Mulcahy avomera kuti pa masewerowo mudzakhale kumbuyo kwawo, pansi pomwe, posakwera masitepe. Akuti mdani nayenso ndi mwana wa Mulungu.

Mubwere, amalume. Mudzavale juzi yanu yobiriwira yonyansa ija, mudzandikuwize ndikamaponya mpira. Ndikufuna ndidzakumveni.

Mwana wa mlongo wanu wokusowetsani mtendere,
Bridie