Konse Apite, Kupatula ku Chipilala

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Mphepo ndi fumbi Biwi yense. Odzalukitsa tsitsi kwa ine sakubwera, aliyense wangomanga duku. Makala akweranso.

Mwamuna wanga Esau wabwera kuchokera ku shedi yake yowotcherera, nkhope ikuwala ngati wapeza oda ya mageti a sukulu yonse. Nkhani yake: Vaileti akubwera Lachinayi. Vaileti mwana wa amalume ake, mphunzitsi ku Mayani. Atsekera sukulu, akufuna kudzaona tauni masiku ochepa. Akuti Lilongwe amangoionera pawindo la basi.

Msuweni. Ndinamuona kamodzi, pa ukwati wathu, akuvina patsogolo pa ine mkwatibwi, n'kumakuwa kuti ndamulanda mwamuna. Anthu kufa nako kuseka. Inenso ndinaseka, koma mano okha.

Ndikudziwa, n'chisuweni. Kwawo asuweni amatchulana mwamuna ndi mkazi, palibe kanthu. Ndalemba apa kuti ndiziwerenga mtima ukavuta.

Esau akuti: "Peggy, iwe ndiwe wobadwira mom'muno, utiuze kopita." Zoona, iye tauni amaidziwa kuchoka pakhomo kukafika pomwe amawotcherera, basi. Ndiye akuti atseka shedi kuti amuyendetse mlendo. Shedi yomwe sanatseke ine nditagona ndi malungo.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Wafika. Wanenepa bwino, khungu see, mpata kumano. Asanatule n'chikwama chomwe: "Amuna anga, mwaonda! Kodi mkazi wachiwiriyu sakukuphikirani?" Wabweretsa kachewere ndi nyemba. Ndalandira ndi manja awiri. Agona kuchipinda kwa mwana wathu Thandie, mwini wake ali kutchuthi kwa amayi ku Kawale.

Titadya, funso lija. Malo abwino ndikuwadziwa. Kosunga nyama kuja, mthunzi wokhawokha. Ku Gateway. Kumunda wa maluwa ku City Centre. Sindinatchule ngakhale amodzi. Ndati: mukufuna tauni yeniyeni? Yambani kumsika wa Tsoka dzuwa lili pamutu, muwoloke milatho yamitengo ija kupita ku Lizulu. Ndipo muvale nsapato zogogoda, kuno anthu amatchena. Ambuye andikhululukire.

Iye: "Tipite tonse, mkazi mnzanga." Ndati ndili ndi mitu yoluka. Mitu yake iti?

Malo amodzi okha ndiye sindingawatchule olo andimenye. Chipilala cha asilikali ku Area 18, chachitali chija, chomwe anthu amakwera mkati n'kukaona mzinda wonse. Tili pachibwenzi tinadutsa pamenepo pa minibasi, Esau n'kuloza: "Tsiku lina ndidzakwera nawe pamwamba paja, ukandilozere kwanu ku Kawale." Pano Thandie ali sitandade 3. Tsiku linalo silinafike, mwina anaiwala tisanatsike minibasiyo. Komabe ndi malo anga. Vaileti akafika pamwamba paja ine ndisanafike, sindikudziwa chomwe ndingachite.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Ndimayembekeza munthu wotsimphina. Abwera akuseka kuyambira kumsewu.

Chidendene chinakodwadi pakati pa matabwa, pakati penipeni pa mlatho, madzi akuda pansi. Iye kuvula zonse ziwiri, kuziika pamutu, kuwoloka chosavala. Olipiritsa pamlatho kumuimbira m'manja. Esau anamugwira dzanja mpaka kutsidya. Wanena yekha Esau, osachita manyazi. Dzanja langa analigwira liti pagulu?

Adya tchipisi cha pachiwaya ataimirira. Iye tchipisi, ine kachewere wake yemwe uja ndekha kuno.

Wandigulira bulauzi wa kaunjika, wobiriwira. Ndamuyesa atalowa kubafa. Wandikwana ndendende. Zowawa bwanji.

Vaileti: "Apa ndiye munatiuza malo! Mawa kuti?"

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndinawatumiza ku Mchesi. Ndati kuli amisiri oti munthu asachoke mu Lilongwe asanawaone. Sindinanene kuti theka la zomwe ayala m'mbali mwa msewu ndi mabokosi a maliro. Mlendo wa patchuthi kukaona mabokosi! Ndakhala ndikuseka ndekha m'mawa wonse.

Kuseka kwatha aneba athu Mai Gwanda atandisuzumira pampanda, foni m'manja. "Anzathu, mwaona sitetasi ya mlendo wanu?" Vaileti atakhala pa kampando katsopano, akalipentala atamuzungulira, Esau pambali mano onse panja. Pansi walemba: Ine ndi madala anga mu Kapito.

Madala anga.

Mai Gwanda: "Ine msuweni wotere sangagone m'nyumba mwanga." Ndawayankha kuti ndi mwambo wa kwawo. Mawu anatuluka bwinobwino. Atachoka ndapsereza ndiwo.

Kampandoko Esau wabwera atakasenza pamutu kuchokera ku Mchesi. Ine thumba la ufa ndimalipira wakabaza.

Vaileti ameneyu sakhumudwa? Ukamuponya padzala akatolako maluwa.

Lolemba, 18 Ogasiti, m'mawa

Dzulo kutchalitchi anakhala pakati pathu. Amaimba bwinonso. Basi.

Malo oipa andithera. Lero ndati akwere minibasi ya ku Area 25, akafike kumapeto, abwerere nthawi yoweruka. Aone mzere wa magalimoto, apanikizike, anunkhe thukuta la eni ake. Ndati tauni ukafuna kuidziwa, uidziwire mu minibasi.

Atapita ndikutsuka mbale, mpamene mutu wagwira. Msewu wa ku 25 umadutsa pa 18. Chipilala chimaonekera pawindo.

Ndawatumiza ndekha. Ndi pakamwa pangapa.

Lolemba lomweli, madzulo

Tsiku lonse foni m'manja. Sitetasi palibe. Kasitomala ndamukoka tsitsi mpaka wadandaula.

Afika dzuwa likulowa. Lero kuseka kochepa. Vaileti kudziponya pamkeka, kusisita akatumba: "Mayo miyendo yanga! Masitepe amenewaja si masewera."

Masitepe.

Sindinafunse. Esau sanandiyang'ane, wangopempha madzi osamba. Ndawaphikira, ndawapatsa, ndati mutu ukundipweteka. Ndakalirira kuseri kwa bafa ngati mwana, chitenje kukamwa kuti Mai Gwanda asamve.

Si Vaileti ayi. Atenge milatho, atenge mabokosi, atenge dzanja lomwe. Koma chinthu chimodzi chomwe ndinasunga. Ndamuda Esau lero, ndamuda zenizeni.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Sindimadziwa poyambira.

Wapita. Esau anatsegula shedi, ndiye woperekeza mlendo kudepoti ndinali ine, kampando m'manja. Basi ikudikira kudzaza, iye kundikoka chitenje kuti ndikhale pambali pake.

"Mkazi mnzanga, amuna athuwa ngouma mutu. Ndaona chinsanja chija pawindo, ndati titsike. Akana. Ndakuwa ndekha kwa kondakitala, ndatsika, iwo kunditsatira akung'ung'udza. Kufika pakhomo pake akhala pansi. Ndanyengerera, ndanyoza, ndati mukuopa kugwa. Akuti iwe kwera, ine pamwambapo ndili ndi munthu wokwera naye. Ndakwera ndekha ngati wamasiye."



Ndiye akuwonjezera, uku akusenda nthochi: "Za nsapato zija ndinadziwa. Ndine wakumudzi, koma wakumudzi wopita kusukulu. Ukanabwera tikanawoloka tonse."

Manyazi ake! Ndinafuna kulowa pansi pa mpando. Iye kuseka mpaka kutsamwa. Kampando wandisiyira, akuti ndizikhalira poluka, msana ungandithere.

Pobwerera ndinayenda wapansi mpaka kunyumba. Poyamba mtima mbee. Kufika pa Mchesi ukali wabwera. Ndiye kuti akukumbukira! Zaka zonsezi akukumbukira, n'kungokhala phee, kumadzuka kupita kumageti ake. Amadikira chiyani, kalata yochokera kuboma? Nanga ine ndimadikira chiyani?

Ndipo nsanje sinathe, ndisaname. Kudepoti kuja Vaileti ndinamufunsa ngati Kawale amaoneka. Akuti malata okhaokha, sakanadziwa kuti Kawale ndi uti. Zandisangalatsa kuposa muyeso. Wolozayo akufunikabe.

Esau sindinamuuze kuti ndamva. Tikungopatsirana mchere.

Lamulungu, 24 Ogasiti

Mphepo yaleka, kumwamba kwayera.

Tabwerako ku mapemphero a m'mawa. Thandie abwera mawa. Ndiwo za masana sindinatereke. Ndavala bulauzi wobiriwira uja, nanga n'kutaya? Ndamupeza Esau akufuna kuvula malaya, ndati: "Amuna ake a Vaileti, musavule. Lero muyendetsa mkazi wachiwiri." Wandiyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse kuti kuti.

Ndalowa kudzatenga kachikwama, ndiye ndati ndilembeko pang'ono. Mwina tikapeza potseka. Mwina ndikachita chizungulire pa sitepe yachitatu. Kaya.

Ali pakhonde, wakhalira kampando kaja, akupukuta nsapato zake. Ndasuzumira pawindo. Zanga wapukuta kale, zafulati zija, waziika pakhomo zitaloza kumsewu.

Akuitana.